Usanapite ku Dziko Lopanda Mvula

Mkhumba, Phalombe

Lusia mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, iwe uli ku Boma kokagula zotsala za ulendo wako. Ukabwera ndikupatsa m'manja, ndipo uiwerenge lero lomwe, usadikire kukaitsegula m'basi. Mwina ukudabwa kuti bambo ako akukulembera kalata pamene tikugona nyumba imodzi. Ndayesa kulankhula nawe masabata onsewa chiwaikireni amayi ako m'manda. Ndikangoti, "Lusia, takhala pansi," iwe umakumbukira mbale zosatsuka, ine n'kuisiya nkhaniyo. Ndiye ndati bola pepala, poti ilo silinjenjemera.

Mawa ukunyamuka kupita ku Namibia kukagwira ntchito yako ya unamwino, m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere imene kumbuyo kwake kuli chipululu. Ine m'chipululu sindinapondemo. Koma zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinkaphunzitsa ana za maiko ouma, ndipo mabuku onena za zipululu ndinkawakonda monga ena amakondera mpira. Amayi ako ankandiseka kuti, "Aphunzitsi, inu mudzafa ndi ludzu ku Sahara muli pampando, ndowa ya madzi ili pambali panu." Lola ndikupatseko zochepa zimene ndikudziwa. Zina n'za m'mabuku, zambiri ndinaziphunzira polakwitsa. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha: mawa m'mawa, usanachoke m'mudzi muno, ukatsanzike amalume ako a Waisoni. Ndikudziwa kuti wakwinya kale nkhope. Werenga kaye.

Nditangoyamba ntchito ndinkajambula pabolodi dzuwa lalikulu, mulu wa mchenga ndi ngamila, n'kuwauza ana kuti chipululu ndi dziko lotentha lamchenga. Ana ankalemba, ine n'kuwachongera. Panapita zaka ndisanawerenge bwino n'kuzindikira kuti ndinkawanamiza. Chimene chimapanga chipululu si kutentha, ndi kusowa kwa mvula. Zipululu zambiri ndi miyala ndi nthaka yolimba ngati bwalo lopunthirapo mapira, mchenga ndi gawo lochepa chabe. Ku Atacama, ku Amereka wa kummwera, kuli malo amene mwana amatha kukula osaionapo mvula yeniyeni, koma sikutentha ngati ku Nsanje. Ndipo kunsi kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene madzi amakhala oundana chaka chonse, kuli zigwa zouma kuposa Sahara yemwe. Kumene ukupitako madzi a m'nyanja ndi ozizira, m'mawa kumachita nkhungu, ndipo mkati mwa chipululu usiku kumazizira chifukwa kulibe mitambo yofunda dziko. Ndiye utenge juzi. Juzi yofiirira ya amayi ako ija unaiika pamulu wa zovala zogawa, ine ndinaichotsapo iwe usakuona. Ili pansi pa pilo wako. Usaisiye, mwana wanga. Mwina miyezi yoyamba sudzatha kuivala. Ingoitenga.

Chaka choyamba nditakwatira amayi ako n'kubwera kudzakhala pano ngati mkamwini, ndinkafunitsitsa kuonetsa kuti mphunzitsi naye khasu amalidziwa. Mwezi wa Okutobala kunagwa mvula yamphamvu, fungo la dothi linadzaza nyumba. Kutacha ndinatenga mbewu yonse ya chimanga imene agogo ako anatisungira n'kukabzala munda wonse ndekha, anthu akundiyang'ana chapatali. Palibe anandiletsa, paja mkamwini watsopano sauzidwa zinthu pamaso. Inali chizimalupsa, mvula ija imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire n'kubwerera. Kwathu ku Thyolo, kumapiri a tiyi, mvula yotere nthawi zina imapitirira. Kuno ayi. Chimanga chinamera bwino, mizere yobiriwira yokoma m'maso, kenaka dzuwa linachiwotcha chonse chikadali chanthete. Mvula yeniyeni itabwera tinalibe chobzala. M'mawa wina ndinapeza a Waisoni, nthawi imeneyo ali mnyamata wosakwatira, ataima pakhomo ndi dengu la mbewu paphewa. Anatula pansi n'kunena kuti, "Alamu, iyi ndi ya mvula ya anthu. Ija munabzalira inali ya achule." Anaseka mpaka kugwira khoma. Koma tsiku lomwelo analowa nane m'munda, ndipo nkhaniyo sanaitchulepo pagulu mpaka lero.

Patapita nthawi ndinawerenga kuti njere za maluwa ena a m'chipululu sizimera ndi kamvula kochepa. Zimagona m'nthaka zaka ndi zaka, kudikira mvula yokwanira kutsuka khungu lake, chifukwa yomera msanga imafa isanabereke. Ine nzeru imeneyo ndinalibe. Iwe ukhale nayo. Ukupita ndi mtima wabala, ndipo mtima wabala umamera ndi mvula iliyonse. Adzapezeka anthu okoma pakamwa sabata yoyamba yomwe, ena akwathu konkuno, ena amuna amene adzaone kuti uli wekha. Alandire mwaulemu, koma usabzale mbewu yako yonse tsiku limodzi. Dikira uone ngati mitambo ibwerenso mawa.

Tsopano ndinene za tsiku lometa. Anthu atabalalika tinatsala ochepa pansi pa mango: ine, iwe, ankhoswe, ndi amalume ako amene ndiwo mwinimbumba. A Waisoni anakhosomola n'kunena kuti, "Alamu, mwambo mukuudziwa. Tikakolola nandolo tidzakhalanso pansi, tikambe zosudzula." Iwe unadzuka, chitenje chili m'manja. "Amalume, dothi la pamanda silinaume, inu mwayamba kale kuwerenga malata a nyumbayi? Bambo anga akalambira pano, lero asanduka mlendo? Ngati zili choncho, ine ndikachoka pano sindidzapondanso." Amalume ako anangoti, "Iwe mwana." Anavula chipewa, anachivalanso, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ukawaona akubwera panjira umakhotera m'chinangwa. Ndimakuona. Unalankhula chifukwa umandikonda, ndipo sindinama, mbali ina ya mtima wanga inakondwa kuti pali wondiimira. Koma mawu aja akadali pansi pa mango paja, palibe anawatola.

Uli wakhanda ndinamanga khola la mbuzi m'khwawa lija la kuseri kwa munda. Malowo anali athyathyathya, amchenga, osavuta kukumba, ndipo chibwerereni changa ndinali ndisanaonemo madzi opitirira m'mapazi. Amayi ako anati, "Mmenemo ndi njira ya eni ake." Ine ndinayankha kuti eni akewo anasamuka kalekale. Masana ena, kuno dzuwa likuswa mtengo, mitambo itangounjikana pamwamba pa phiri la Michesi, tinamva kulindima ngati malole akutsika phiri. Anali madzi ofiira, akugubuduza miyala ndi zitsa. Khola linapita ndi mbuzi zonse. Pakhomo pano sipanagwe ngakhale dontho limodzi, zovala zako pachingwe zinali zouma. Amayi ako anakukumbatira ataima pachulu, ndipo madzi atadutsa anangoti, "Eni ake aja abwera."

M'zipululu namonso muli makwawa otere, mitsinje yamchenga imene imakhala zaka yosayenda. Mvula ikagwa kutali kumapiri, nthaka youma ija siimwa madzi, imangowakankha, ndipo amafika mwadzidzidzi kumene kuli dzuwa. Anthu amamira m'chipululu, Lusia. Anzako akadzakutenga kokaona malo, musadzaimike galimoto kapena kugona mumtsinje wouma, ngakhale muli mthunzi wabwino chotani. Koma sindikunena za mitsinje yokha. Sunalire, mwana wanga. Pamaliro unkathamanga ndi mabeseni, kulandira alendo, kuona kuti aliyense wadya. Amayi a kumpingo ankanong'onezana kuti mwanayu ngolimba mtima. Ine ndinkaona khwawa. Madziwo adzabwera. Mwina udzakhala uli pantchito, mayi wina wodwala atakuitana ndi mawu ofanana ndi a amayi ako. Mwina udzakhala m'sitolo. Usadzachite manyazi, ndiponso usadzadzitsekere m'chipinda wekha. Ukafika kumeneko, mpingo uupeze msanga, upezenso mayi mmodzi wachikulire amene ungadzagogode pakhomo pake nthawi iliyonse. Umupeze kukadali kouma.

Ndikudziwanso chimene chikutseka misoziyo. Ukuganiza kuti iwe namwino unayenera kuona matendawo msanga. Ndinakumva ukudziyankhulira kuseri kwa bafa. Ine ndinkagona pambali pawo zaka zonsezi, sindinaone kanthu. Iwonso ankabisa, ankati ndi kutopa kwa kumunda. Chimene ndinaona ndi ichi: masiku omaliza, atasiya kumeza, iwe unkaviika thonje m'kapu n'kumawanyowetsa milomo pang'onopang'ono, ndipo iwo ankatsegula maso kukuyang'ana. Tsiku lina utatuluka anandiuza kuti, "Abambo a Lusia, mwanayu musamugwire miyendo. Ntchito ijayi apite." Ndiye ulendowu si kuthawa ayi, ndi mawu a amayi ako. Pita ndi mtima umodzi.

Uli ku pulayimale unandifunsa chifukwa chimene ku Mulanje kuli tiyi wobiriwira pamene kuno chimanga chimafota. Ndinakuuza kuti mphepo yonyowa ikamakwera phiri imakhuthula mvula mbali imodzi, ikamatsikira kuno imakhala itatha madzi. Zipululu zina zinapangika choncho, kuseri kwa mapiri, ndipo palibe wolakwa. Koma kuli kwina kumene dziko limauma ndi manja a anthu. Mtengo uwu wadulidwa, udzu uwo watha ndi ziweto, dothi lauluka ndi mphepo, ndipo palibe angaloze tsiku limene chipululu chinayamba. Kwathu ku Thyolo kunauma choncho, ndi manja anga. Sindinakangane ndi munthu. Chaka china ndinati ntchito yandichulukira, china ndinati njinga yawonongeka. Makolo anga atamwalira ndinasanduka wongopita pamaliro. Ulendo womaliza, mdzukulu wa mchemwali wanga anandipatsa mpando mwaulemu n'kufuula kuti, "Agogo, kwabwera abambo enaake!" Ndinaseka nawo, koma pobwerera m'minibasi ndinangoyang'ana pawindo njira yonse. Kumeneko ndiye kwathu kumene mwambo ukuti ndikhoza kubwerera. Ngati kukhala chete kokha kunandichita zimenezi, nanga iwe amene ukuchoka ndi mawu okalipa?

M'chipululu cha Namib chomwecho muli kachikumbu kakuda kamene ndimakakonda kwambiri mwa zonse zimene ndinawerenga. M'mamawa nkhungu ikamachokera kunyanja, iko kamakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, n'kuweramitsa mutu, n'kutukula kumbuyo. Nkhungu imasanduka timadontho pamsana pake, timadonthoto n'kutsikira kukamwa. Ku Atacama anthu amaimika maukonde paphiri kuti akole nkhungu yomweyo, madzi n'kumadonthera m'migolo. Akanati adikire mvula, akanafa akuyang'ana kumwamba. Ndiye usadikire kuti udzakhale ndi nkhani yaikulu kapena katundu wotumiza kuti utiimbire foni. Moni wokha akwanira. Undiuze kuti lero kunali mphepo, kuti wadya chiyani, kuti wasowa makaka ndi kalongonda. Uwaimbirenso achemwali a amayi ako, ngakhale amalankhula zambiri. Ine ndinkadikira kuti ndidzapite kwathu ndi thumba la shuga, mpaka amene ndinkafuna kuwapatsa shugayo anatha.

Ukayang'ana mapu akale a njira za m'zipululu udzaona kuti siziwongoka. Zimakhota kutsata zitsime, chifukwa ulendo wa kumeneko umawerengedwa ndi madzi. Munthu wa kumeneko akhoza kukangana ndi mnzake pa zinthu zambiri, koma chitsime sachikwirira, poti akudziwa kuti adzadzeranso pompo. Iwe chitsime chako ndi mbumba ino. Munda uwu unali wa agogo ako aakazi, unadzakhala wa amayi ako, tsopano ndi wako. Ine ndangoulima. Mapepala a ntchito amatha, Lusia. Dziko la eni limakukonda pamene manja ako ali ndi mphamvu. Tsiku lina udzafuna pofikira, mwina uli ndi ana, ndipo wokulandira adzakhala a Waisoni kapena ana a m'mudzi muno amene adzamve kwa iwo kuti ndiwe yani.

Kusudzula si kupirikitsa munthu ngati galu wakuba mazira. Ndi kumumasula. Akuchikazi amanena pagulu kuti mwamunayu anasamala mwana wathu mpaka kumuika, tilibe naye mlandu, akafuna kupita kwawo kapena kukwatiranso njira ndi yoyera. Amalume ako sanaupange mwambowu, anaupeza. Akanakhala chete anthu akanati mwinimbumba wagona. Mwina analankhula msanga, zimenezo ndikuvomera. Pakamwa pawo sipanakhalepo posalala chiyambire.

Dzana anabwera iwe kulibe. Anakhala pampando uno ndakhalapowu, akungotembenuza chipewa. Kenaka anati, "Alamu, mwana uja wandilasa. Malata ndichite nawo chiyani ine? Kwanga kukudontha? Amene wapita ndi mlongo wanga, amene ankandibereka kumsana." Analira, Lusia. Munthu uja sindinamuonepo akulira, ngakhale pa imfa ya agogo ako. Atapukuta m'maso anandiuza zimene ndikufuna uzimve bwino. Anati, "Pabwalo paja padzafunsidwa funso limodzi: mwana akuti chiyani? Nyumba ndi munda n'za Lusia. Akanena kuti bambo anga asunge pakhomo, adzatsutse ndani? Koma ine sindinganyamule mawu amene sanandipatse. Alipo ena m'mudzi muno amene ayamba kale kuyeza munda uja ndi maso. Akapita osalankhula, mawu ake otsiriza adzakhala aja oti sadzapondanso pano, ndipo ankhoswe anawamva." Ndinafunsa ngati sungadzanene pafoni utafika. Anapukusa mutu. "Mawu otere amanenedwa munthu atakhala pamphasa, alamu, azakhali ake akumva. Za pafoni adzati ndapeka ndekha."

Ndinaganiza zosakuuza. Ndinati mwanayu ali ndi katundu wokwanira, ndisamusenzetsenso nkhalamba. Masiku awiriwa ndakhala ndikuyang'ana mabuku anga kuona amene ndingatenge ndi amene ndingasiyire sukulu. Ndinayesa kudziuza kuti ku Thyolo mvula ndi yambiri, nthochi zimabereka, munthu akhoza kuzolowera. Koma bambo amene wakulembera zonsezi za kunena zoona sangabise chake. Ndikufuna kukhala, mwana wanga. Ndinabwera pano ndili ndi sutikesi imodzi ndi tsitsi lakuda. Mango ajawa ndinabzala ndi amayi ako. Abale ako awiri amene sanakule agona m'manda omwe agona amayi ako. Sindikudziwa kudzuka kwina kulikonse kumene Michesi saoneka.

Wakabaza ndamuuza kuti abwere kukangoyera, kuti pakhale nthawi. Nyumba ya amalume ako ili panjira pomwe, ndipo akazi awo, azakhali ako, adzakhala akusesa. Sindikuti ukapepese ndi mawu ambiri, iwe ndi amalume ako nonse mawu ambiri amakusokonezani. Ukagwade monga anakuphunzitsira amayi ako, n'kunena kuti, "Amalume, ndikupita, ndidzabwera. Bambo anga asunge pakhomo." Akayamba kukalipa, uwasiye akalipe, mmenemo ndi mmene amalilira. Akakupatsa nkhuku, ulandire ndi manja awiri, ine ndidzabwerera nayo, paja ndidzakhala ndikukuperekeza.

Ukakanika, sindidzakusungira kukhosi. Udzakhalabe mwana wanga, ndipo ndidzakuuza kumene ungandipeze. Koma ndikanakonda kuti mvula yoyamba idzandipeze pano. Paja manda atsopano amatitimira mvula ikagwa, ndipo pamafunika munthu wokathirapo dothi. Ndikufuna munthu ameneyo ndidzakhale ine, ndi alamu anga pambali.

Mulungu akutsogolere panjira, akusunge kumene kulibe mthunzi.

Ndine bambo ako.